Anapiye a Pamwamba pa Basi

Mabokosi a anapiye anali awiri, koma kondakitala anati munthu mmodzi amafukata katundu mmodzi. Ndinamuchonderera, ndinamutchula achimwene, ndinamuuza kuti mkatimo muli zamoyo zoswedwa dzulo lomweli. Iye anangotsomphola bokosi limodzi n'kuliponyera mnzake amene anali pamwamba pa basi. Mnzakeyo analipanikiza pakati pa njinga ndi matumba a mchere, n'kukokerapo tenti yakuda. Ine ndinakhala pampando ndi bokosi linalo, ndipo ndinatukwana chamumtima mpaka tinatuluka mu Lusaka.

Ndinali nditatumidwa ndi kalabu ya amai ya m'mudzi mwathu, cha ku Msanzala. Zinali zaka zija zimene pamsonkhano uliwonse wa chipani ankatiuza za kudzidalira, sopo ndi mafuta ophikira a saladi zikusowa m'masitolo. Amai a kalabu anagwirizana zoweta nkhuku zachizungu zoikira mazira, kuti azikagulitsa ku Boma ku Petauke ndi kwa aphunzitsi. Anasankha ine chifukwa ndinali nditapondako ku sekondale, komanso ku Lusaka kunali amalume oti n'kufikirako. Ndinali nditangokwatiwa kumene, ndipo ndinkadziona ngati munthu wodziwa dziko.

Unali mwezi wa dzuwa lija lowotcha mvula isanagwe. Titayamba kutsetsereka kulowa m'chigwa cha Luangwa, mpweya wolowera pawindo unali ngati wochokera m'ng'anjo ya njerwa. Pa mlatho panali asilikali chifukwa cha nkhondo ya kutsidya, ndipo aliyense ankatsika m'basi n'kuonetsa chitupa. Mzere wa magalimoto unali wautali, moti tinaima pamenepo mpaka mthunzi unatembenuka. Bokosi langa ndinapita nalo pansi pa kachitsamba, ndikuviika chala m'madzi n'kumadonthezera pa milomo ya anapiye kudzera m'timabowo. A pamwamba aja ndinkawamva akulira, kulira kosalekeza kolasa m'makutu. Ndinapempha kuti ndikwere ndikawatsitse, koma anandiuza kuti katundu wa pamwamba sakhudzidwa mpaka titawoloka. Pambuyo pake kulirako kunayamba kuchepa, ndipo ndi pamene mantha anandigwira.

Basi ija inakafera pa mapiri tisanafike ku Nyimba, tinagona pamsewu. Kutacha kunali kamphepo kozizira, ndipo kondakitala anakanabe kumasula zingwe, ati akamasulira mmodzi aliyense afuna chake. Pa Nyimba apaulendo anzanga ankalimbirana nthochi pa mawindo, ine maso ali kudenga la basi, kumvetsera ngati pali chikupuma. Titafika pa mphambano ya ku Petauke, bokosi lija analiponya pansi ngati mtolo wa zovala. Kuchoka pamenepo ndinakwera loli ya thonje, mabokosi onse awiri ali pamiyendo panga, msewu ukutigwedeza mpaka mano kuwawa.

Amai a kalabu ndinawapeza akundidikira pabwalo la amai anga. Ife sitinali eni mudziwo. Tinachokera ku Katete ine ndili wamng'ono, kudzafuna minda, ndipo bambo atamwalira amai anasankha kukhala pafupi ndi manda a amuna awo. Anthu ankawatchulabe kuti amai a ku Katete, koma ankawakonda, chifukwa anali mzamba. Mkazi akayamba kumva kupweteka, ankathamangira kwathu. Ankati amai ali ndi manja ofunda, ndipo ana ambiri a m'mudzimo anayamba kukhudzidwa ndi manja amenewo asanakhudzidwe ndi amai awo.

Titatsegula bokosi la pamiyendo, anapiye anatuluka ali gwa, akujompha chilichonse. Titatsegula la pamwamba, fungo linatibweza m'mbuyo. Ena anali atauma kale, ena ali lambalamba, maso otseka, timiyendo titatambasuka. Ochepa okha ndi amene anaima, ali dzandidzandi. Amai a mpando, amene ankatsogolera kalabu komanso amai a chipani m'dera lathu, anagwira m'chiuno.

"Lomba tichite tyani? Utu tonse twafwa," anatero m'chinenero cha kumeneko, kufunsa chochita poti tianapiye tonse tafa.

Amai anga anasendera pa bokosilo. Anagwada pansi n'kuyamba kusankha, akugwira mmodzimmodzi pachifuwa. Akufa enieni anawaika pambali. Ofooka anawagoneka pa dothi, anawavundikira ndi beseni, n'kuyamba kugogoda pamwamba pake ndi supuni. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mwanapiye akakomoka, kaya wapondedwa kaya wagwetsedwa ndi kabawi, umamuvundikira ndi mbale n'kugogoda mpaka atsitsimuke. Amai enawo ataona zimenezi anathamangira kwawo kukatenga mabeseni ndi mbale. Bwalo lathu linamveka ngati kwa osula ndowa. Akavundukula, ena ankapezeka ataimirira, akuthawa mwakhungu osadziwa kumene akupita. Amai ankawatola n'kuwamwetsa madzi a m'kamwa mwawo. Tsiku limenelo kunali nthungululu.

"Izi zofooka zisale kuno kwa amama," anatero amai a mpando. "Manja yao yaziŵa kuutsa. Ine nitenge izi zinyake."

Palibe amene anaganiza zosakaniza mabokosi awiriwo kuti aliyense atenge amphamvu ndi ofooka. Zinaoneka zanzeru kuti odwala apite kwa sing'anga wake. Inenso ndinaomba nawo m'manja, ndikunyadira amai anga.

Amai anawalera anapiyewo ngati ana a m'chikuta. Ankawayatsira mbaula, ankatentha madzi awo, ankatsuka zomwera m'mawa uliwonse. Chakudya chinali chofanana ndi cha kwa amai a mpando, chochokera m'thumba limodzi, n'kumasakaniza ndi gaga. Matupi anakula bwinobwino, nthenga zofiirira zonyezimira, moti poyang'ana patali sukanasiyanitsa. Koma mitima yawo sinali ya nkhuku.

Za kwa amai a mpando zinkathamangira munthu akalowa m'khola, kumujompha zikhadabo za kumapazi, kusamba fumbi padzuwa, kukwera pamitengo madzulo. Zathu zinkathawa ngakhale amai amene ankazidyetsa. Munthu akangotsegula chitseko zinkawulukira kukona imodzi n'kuunjikana, ina pamwamba pa inzake, khosi lili m'kati. Dzuwa zinkaliopa, pamitengo sizinkakwera, zinkagona pansi zitapanikizana ngati zikadali m'bokosi. Loli ikadutsa kumsewu zinkauma chilili, maso ali tong'o, mpaka phokoso litazimiririka. Choipa kwambiri chinali kulira kwa chitsulo. Tsiku lina beseni linandipulumuka pafupi ndi khola, ndipo titazichotsa pakona paja tinapeza za pansi zitabanika. Kuyambira pamenepo amai ankatsukira mbale kuseri kwa nkhokwe, pang'onopang'ono ngati akuba.

Kenaka zinayamba kusosolana. Imodzi inkangoyandikira inzake n'kuzula nthenga ya pamsana, n'kuimeza. Magazi akangooneka, zonse zinkaunjikira pa balalo. Amai ankapaka phulusa, ankapaka mafuta akuda a m'galimoto, ankapachika masamba a chibwabwa kuti zizijompha amenewo, koma zinkafuna nyama ya zinzawo. Nthawi yoikira itakwana, za kwa amai a mpando zinayamba kutetera, mazira akupita ku Boma m'mabasiketi. Zathu zinachedwa, ndipo zitayamba zinkangogwetsa mazira paliponse, osalowa m'zisa zimene mwamuna wanga anazilukira, kenaka n'kuwaswa ndi mapazi pothawa mthunzi wa khwangwala.

Anabwera mlangizi wa zaulimi pa njinga yamoto, ndipo kulira kwa njingayo kunatiphera inanso. Anaing'amba, anayang'ana matumbo ndi chiwindi, anati palibe chitopa kapena matenda ena alionse amene amawadziwa. Ndinamufotokozera za pamwamba pa basi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti zingatheke, koma poti analibe chogwirika, anangouza amai a kalabu kuti mwina ndi kasamalidwe. Mawu amenewo anatsala m'mudzi iye atapita.

Pamsonkhano wa kalabu ndinaimirira osapatsidwa mpata. Ndinafotokoza zonse, tenti yakuda, dzuwa la pa mlatho, mphepo ya pa mapiri, mmene bokosi linagwera pa mphambano. Ndinati nkhuku izi zinaona zoopsa zisanadziwe n'komwe madzi, ndipo mantha amenewo zakula nawo. Amai a mpando anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anamwetulira.

"Mwana wanga, kankhuku ka siku imozi kangakumbuke chinji? Iwe wamene ukumbuka siku yamene unabadwa?"

Onse anaseka. Mutu unanditentha.

"Kwelani pamwamba pa basi, amai, akuvundikileni tenti mpaka ku Nyimba, tikaone ngati mudzaseke," ndinatero.

Amai anga ananditsina pantchafu mpaka ndinakhala pansi. Pobwerera kunyumba anandiuza kuti pakamwa pangapo padzatithamangitsa pamudzi, ife ndife alendo, ndipo mlendo sakweza mawu pa eni nthaka. Ndinawayankha kuti wamisala anaona nkhondo, asandimvere lero koma zimene ndanena ndi zoona. Iwo anangoti ndikatunge madzi.

Ndisawanamizire amai a mpando, sanali munthu wankhanza. Patapita masiku anabwera okha kwathu n'kunena kuti atengeko zingapo zathu akaziike m'khola lawo, mwina zikaphunzira khalidwe kwa zinzawo. Amai anathokoza mogwada. Koma zinachitika mosemphana. Zathu zikadzidzimuka n'kuwulukira kukona, zawo zinkatsatira, osadziwa chimene zikuthawa. Zathu zikazula nthenga, zawo zinkaonerera, ndipo posakhalitsa nazonso zinalawa magazi. Khola lija limene linali lamtendere linasanduka la misana yosupuka, mazira anachepa, ndipo m'mawa wina amai a mpando anapeza nkhuku zawo zabwino zitabanika pakona.

Apa ndi pamene nkhani inasintha fungo. Poyamba ankati amai a ku Katete sadziwa kuweta zachizungu, ndipo zimenezo tikanapirira. Tsopano pachitsime anayamba kukumbutsana za tsiku la mabeseni. Ankati kodi anapiye aja sanali akufa? Tonse tinawaona ali lambalamba. Nanga chinthu chakufa chikaukitsidwa chimakhala ndi mtima wanji? Anaiwala kuti iwo omwe anathamangira mbale, anaiwala nthungululu zawo. Anangokumbukira amene anayamba kugogoda.

Nkhani ikanathera pa nkhuku, bwenzi lero ndikuiseka. Koma kuseri kwa nyumba yathu kunali mwana wamwamuna wobadwa dzinja lapitalo. Anabadwa ali zii, osalira, thupi lotuwa. Amai anamupukuta, anamuuzira m'mphuno, anauza wina kuti agogode khasu pafupi ndi khutu lake monga ankachitira akale, mpaka analira. Banja lake linabweretsa tambala kudzathokoza. Mwanayo anali wodzidzimukadzidzimuka, wolira kwambiri, ngati mmene ana ena amakhalira. Tsiku lina akulira pachitsime chifukwa ndowa yagwa, mkazi wina anati, "Uyu nayenso ni monga nkhuku za kwa amama ŵala." Ena anaseka, koma amake mwanayo sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo ankadutsa njira ya kuseri kuti asapondenso pabwalo pathu.

Panali mtsikana wina woyembekezera m'mudzimo amene anali pafupi kuchira. Amai anali atachapa kale nsalu zawo za uzamba, atazipinda bwino, ataziika pafupi ndi chitseko monga ankachitira nthawi zonse. Ankakana kupita kumunda wa kutali kuopa kuti angawafune asawapeze. M'mawa wina tikusenda nsawawa pakhonde tinangomva nthungululu kuchokera kunyumba ya mtsikanayo. Anali ataitana mzamba wa mudzi wina. Amai anaima kusenda kanthawi, kenaka anapitiriza. Madzulo ndinaona kuti nsalu zija zachoka pachitseko, ndipo sindinazionenso.

Palibe amene anabwera kudzawatchula amai mfiti pamaso. Zikanakhala bwino akanatero, bwenzi ndili ndi munthu womulalatira. Ankatipatsabe moni, kutchalitchi tinkakhalabe benchi limodzi. Koma mkazi wobereka mwana kumbuyo akakumana ndi amai, ankatembenuka pang'ono kuti mwanayo akhale mbali ina. Ine ndinkaziona zonsezi ndipo ndinkabwera kunyumba nditadzazidwa ndi ukali.

Kalabu inagamula kuti nkhuku zonse zochokera m'bokosi lija ziphedwe. Titazipha, palibe anabwera kudzatenga gawo lake la nyama, m'mudzi mmene anthu ankalimbirana ngakhale miyendo ya nkhuku. Ine ndi mwamuna wanga tinaziwamba n'kumadya pabwalo penipeni, masana, kuti aliyense wodutsa aone kuti sitikufa. Tinadya mpaka fungo la nkhuku linayamba kundichititsa nseru, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti ndili ndi pakati. Amai sanalawe ngakhale msuzi.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si za anthu a pachitsime. Ndi zoti amai anayamba kuwakhulupirira. Ndinayamba kuona kuti akakhala pansi amabisa manja m'chitenge. Ana akathamangira kwa iwo monga kale, ankawauza kuti akasewere kutali. Ankakhala nthawi yaitali akuyang'ana m'khola lopanda kanthu. Ndinawafotokozera za basi kambirimbiri, mpaka mawu anga anatha mphamvu ngati nsalu yochapidwa kawirikawiri.

"Za ulendo ndakumva," anandiuza tsiku lina. "Koma amene anawabweza ndine. Mwina anali atapita kale, ine ndinawakakamiza. Nanga ana onse aja amene ndinawabweza, ndidziwa bwanji chimene ndinawaika m'mtima?"

"Munawaika mpweya, amai! Chinanso n'chiyani?"

"Usandikalipire. Iwe unangoona za pamsewu. Za pansi pa beseni palibe anaziona."

Ndinalira tsiku limenelo, kulira kwa ukali. Ndinkafuna kupita ku Lusaka kukamusaka kondakitala uja, kumukokera m'mudzi mwathu ndi khutu kuti adzaone chimene anachita ndi dzanja limodzi lokha, akutafuna nzimbe.

Mimba itakula ndinkayembekeza kuti amai aigwira monga ankagwirira za ana a eni ake, kuti andiuze mmene mwana wagonera. Sanaigwire. Ankandifunsa ali patali ngati akugunda, ngati miyendo ikutupa, ankandiuza zoyenera kudya, ankadziwa zonse ndi maso okha. Mwezi utayandikira anauza mwamuna wanga kuti andiperekeze ku Minga ndikadikirire kuchipatala. Ndinawauza kuti sindipita, mwana wanga adzagwera m'manja mwa agogo ake. Anandiyankha kuti ndikakana, iwo anyamuka kubwerera ku Katete tsiku lomwelo. Ndinawayang'ana m'maso ndipo ndinaona kuti sakunena zocheza.

Ndinachira bwino ku Minga, mwana wamwamuna, ndipo analira yekha popanda womugogodera kanthu. Pobwerera tinapeza loli yopita cha kwathu. Dalaivala anati tikwere kumbuyo pa matumba, padzuwa. Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano, mpaka wothandizira wake anatsika n'kundipatsa malo kutsogolo. Njira yonse ndinamufukata mwanayo pachifuwa, nditamuphimba ndi chitenge, dzanja langa lili kukhutu kwake, ndipo loli ikagunda dzenje ndinkadzuka pang'ono pampando kuti kugwedezako kuthere mwa ine.

Amai tinawapeza atasesa bwalo lonse, atazira nyumba, atatenthetsa madzi. Anatichingamira kumsewu, nkhope ikuwala, koma manja ali kumbuyo. Titalowa m'nyumba anakhala pamphasa n'kusuzumira m'chitenge.

"Mwayenda naye bwanji? Dzuwa silinamuombe? Anakugwedezani kwambiri? Wayamwa panjira?"

Ndinawayankha zonse. Kenaka ndinawafunsa kuti ngati kanthu ka masiku ochepa sikakumbuka ulendo, akufunsiranji zimenezi. Anayang'ana pansi.

"Ndiye mukudziwa kuti inali basi, amai. Mutengeni."

"Madzi ali apo. Ndikuuza kasambitsidwe kake, iwe uzichita."

Sindinadikire kuti amalize. Ndinagwada n'kumuika mwanayo pamiyendo pawo, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kuchitseko. Ndinkaganiza kuti thupi lawo lichita lokha zimene lachita kwa ana a mudzi wonse. Mwanayo anatambasula kadzanja n'kugwira chitenge chawo. Amai anakweza manja onse awiri m'mwamba ngati munthu wowoloka mtsinje wodzaza, misozi ikutsika, n'kumandipempha chonong'ona kuti ndimuchotse msanga asanamukhudze.